Tayala la Kumanzere

Amayi anali pakati pokulunga makapu m'manyuzipepala akale pamene mayi wa tiyi, amene ankagulitsa tiyi pageti la galaja ya amuna awo, anatulukira pakhomo la khitchini, mpango uli m'manja, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njuchi.

"Odi ndiodira m'kati momwemo," anatero. "Siyani makapuwo. Kugalaja kwavuta. Njovu yabedwa mwendo!"

Njovu inali lole yakale ya asilikali, ya matayala asanu ndi limodzi. Amuna a Amayi, amene aliyense ankangowatcha a Makaniko, anaigula ili chigoba pamodzi ndi mng'ono wawo, a Dalaivala. Anaikonza chaka chathunthu ndi miyezi iwiri, ndipo Amayi eni ake ndiwo anaisokera tenti yatsopano. Tsikulo, Lolemba, a Dalaivala amayenera kunyamuka nayo ndi banja lawo kupita kumapiri, ulendo wa masiku awiri, kukayamba ntchito yotuta matabwa m'misewu imene galimoto wamba imakana. Makapu aja anali mphatso yotsanzikana.

"Mwendo uti?" anafunsa Amayi.

"Tayala lonse lakumbuyo, lathunthu ndi chitsulo chake. A Sajeni afika kale. Agwira Nthethe."

Amayi anaika kapu pathebulo pang'onopang'ono. Nthethe anali wowotcherera zitsulo pagalajapo, bambo wowonda, wosayankhula zambiri. Panali patangotha miyezi isanu chitulukireni kundende, kumene anakhala zaka ziwiri pa mlandu woba mawaya. Anthu ankakumbukira zimenezo. Amayi ankakumbukira zina. Nthethe akamawotcherera ankatembenuzira msana kumsewu kuti kuwala kusapweteke maso a odutsa, ndipo madzulo ankatola tizitsulo tonse takuthwa pageti, poti mayi wa tiyi ankakonda kuyenda wopanda nsapato.

Amayi anamasula epuloni, napemphera chamumtima pemphero lawo la masiku onse: Ambuye, maso nditsekuleni, pakamwa ndigwireni.

* * *

Galaja inali bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. M'mbali monse munali mizere ya malole akufa, obiriwira mothimbirira, ena opanda zitseko, ena udzu utamera m'mipando. Pakati panaima Njovu, yonyezimira penti, koma kumanzere kwake kumbuyo kunali gweru ngati dzino loguluka.

A Dalaivala ankazungulira loleyo manja ali m'mwamba.

"Alamu, mwabwera? Onani! Miyezi isanu ndi umodzi tinasakasaka matayala amenewa. Musitolo mulibe, kumsika kulibe, awa a malole akufawa anaola kale ngati mabulangete. Ndipita bwanji? Ndiibereke kumsana?"

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero Amayi.

"Ndadzuka bwi... aa, alamu, lero si tsiku la moni!"

Pachidebe chovundikira, pafupi ndi chitseko cha sitolo ya zipangizo, panakhala a Makaniko. Ankapukuta sipanala ndi sanza, maso ali pansi. Sipanalayo inali yoyera kale.

A Sajeni, bambo wonenepa wankhope yansangala, anali pabenchi, kapu ya tiyi kudzanja lina, kabuku kudzanja lina. Pambali pawo panakhala Nthethe, unyolo uli m'manja.

"Amayi, nkhaniyi ndi yaifupi ngati mchira wa mbuzi," anatero a Sajeni. "Loweruka madzulo tayala linalipo. Lero m'mawa palibe. Dzulo cha m'ma fili koloko masana, mayi wa tiyiyu, amene nyumba yake yayang'anana ndi geti, anaona bambo uyu akukwera geti. Mwini wake wavomera. Mbiri yake mukuidziwa. Ine ndabwera panjinga, ndiye ndikudikira galimoto yathu. Ikafika twelofu koloko, tikupita."

"Mungandilole ndimufunse mawu awiri?"

"Funsani atatu. Tiyi akadali wotentha."

Amayi anakhala pansonga ya benchi. "Unakwereranji geti, bambo?"

Nthethe anati, "Ndinabweretsa sitepe, Amayi."

"Sitepe?"

"Ya kumbuyo kwa Njovu. Akazi awo a Dalaivala amavutika bondo, ndiye ndinaona Lachisanu akulephera kukwera. Ndinaipangira kunyumba. Ndimafuna angoipeza ilipo, popanda zothokozana."

Amayi anasuzumira. Kumbuyo kwa loleyo kunalidi kasitepe katsopano ka makwerero awiri, komangidwa ndi mabawuti anayi, m'mphepete mwake mosalazidwa bwino kuti musakole chovala.

"Nanga tayala unaliona?"

"Panalibe kale. Ndinaona chipika pansi, ndiye ndinkayesa a Dalaivala akuonanso mabuleki."

"Mabuleki ndinawaona Loweruka!" anakuwa a Dalaivala. "Kawiri!"

Amayi anatembenukira kwa mayi wa tiyi. "Potuluka ananyamula chiyani?"

"Polowa ndiye anali ndi chitsulo m'khwapa. Potuluka anali chimanjamanja, buluku litang'ambika kumbuyo. Ine ndinanena zimene ndinaona, musandiyang'ane choncho."

"Wakuba wobwera ndi katundu n'kuchoka wopanda kanthu," anatero Amayi. "A Sajeni, oterewa mumawagwira angati pachaka?"

A Sajeni anaseka mpaka tiyi anagavira pa bondo. "Woyamba ndi yemweyu. Koma angakhale anabwera kudzaona malo, n'kubweranso ndi anzake."

Amayi anadzuka pabenchi. Anapita kumanzere kwa Njovu, nagwada pa katoni.

Ekiselo, chitsulo chogwira matayala, inagona pa chipika chachikulu, chosankhidwa bwino, ndipo pakati pa chitsulo ndi mtengo panali sanza yopinda kanayi kuti penti isakalike. Matayala akutsogolo anatsekedwa ndi miyala. Mabawuti onse ogwira tayala anali athunthu, palibe ngakhale limodzi lothyoka kapena lopindika. Kuseri kwa chipikacho kunali kachitini kovundikira ndi pepala. Amayi anakavundukula. Munali manati onse a tayalalo, atamizidwa mu oyilo kuti asachite dzimbiri.

Anakhala chogwada nthawi yaitali kuposa imene bondo lawo limalola. Podzuka anati, "A Sajeni, mummasule kaye. Ndikufuna andimasulire nati imodzi."

* * *

Anamutengera ku tayala lakutsogolo, la kumanzere komweko. Nthethe anaika sipanala yaikulu pa nati, nalowetsa paipi kuti akhale ndi pogwira patali, nayamba kukankha monga mmene munthu aliyense amamasulira nati. Nati sinasunthe. Analavulira m'manja, nakankhanso. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kenaka anapondapo ndi phazi, chitsulo n'kulira kwiii.

"Iwe! Leka!" A Dalaivala anadumpha n'kumulanda paipi. "Uthyola bawuti! Ukumanga m'malo momasula! Malole a asilikaliwa kumanzere mazinga ake ndi obwerera, timamasulira kumene ena amamangira. Miyezi isanu uli pano sukudzi..."

A Dalaivala anatsitsa paipi ija.

"Malizani, alamu," anatero Amayi.

"Sakudziwa," anatero a Dalaivala motsitsa. "Iye matayala sagwira. Ntchito yake ndi zitseko ndi mabodi."

"Inenso nditangokwatiwa ndinathyola mabawuti awiri tsiku limodzi," anatero Amayi. "Mlendo aliyense pa malole awa amayamba wathyola. Koma amene anachotsa tayala lija sanathyole ngakhale limodzi. Manati anawaika mu oyilo, Njovu anaiyalira sanza ngati wodwala."

"Ndiye wakuba wa mtima wabwino," anatero a Sajeni. "Odziwa za mazinga obwererawa ndi ndani?"

"M'dera lino? Ine ndi achimwene basi." A Dalaivala anaseka mouma. "Kapena ndadzibera ndekha ndili mtulo? Achimwene, mwamva? Akuti mwina ndi ife!"

A Makaniko anayankha ndi kamutu chabe, napitiriza kupukuta sipanala.

A Sajeni anabwezera unyolo m'manja mwa Nthethe, koma mofatsa. "Amayi, nzeru zanu ndaziona. Koma munthu amene anakhalapo m'kati amadziwa kuchita sewero. Angakhale akunamizira kusadziwa. Mundipatse tayala kapena mundipatse wakuba wina. Kupanda apo, twelofu koloko ndi twelofu koloko."

Nthethe anayang'ana Amayi. Sanapemphe kanthu. Anangoti, "Mukauze akazi anga kuti kiyi wa nyumba ali m'thumba la ovolosi."

* * *

Mayi wa tiyi anali atabwerera pa kathebulo kake kunja kwa geti. Amayi anamuthandiza kutsuka makapu awiri asanafunse kanthu.

"Dzulo kutchalitchi sitinakuoneni."

"Mwendo uwu, amayi. Unatupa ngati mtsamiro. Ndinangokhala pakhonde tsiku lonse, kuwerenga ntchentche."

"Geti linatsekulidwapo?"

"Lalikululi? Ayi ndithu. Likamatsekuka limalira ngati nkhumba, ndikanamva ngakhale ndili kubafa. Kachitseko kakang'onoka ndiye sindingalumbire, kamatsekuka mwakachetechete."

Amayi anayang'ana kachitseko kaja. Munthu ankalowapo chopendekera. Tayala la Njovu, lofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu ndiponso lolemera kuposa munthuyo, silikanadutsapo. Pamwamba pa mpanda silikanaponyeka. Ngati geti lalikulu silinatsekulidwe, ndiye kuti tayalalo silinatuluke.

"M'mawa simunamve chilichonse m'katimu?"

"A Sajeni anandifunsa zimene ndinaona, za kumva sanafunse." Mayi wa tiyi anasendera pafupi. "Cha m'ma leveni ndinamva jeke yokwezera galimoto ikulira, kwiki, kwiki, kwiki. Ndinati ndi a Dalaivala ndi mabuleki awo. Ndiye kunakhala zii. Kenaka munthu anamina. Amayi, si kumina kwake! Ngati lipenga la pa sitima. Katatu. Nkhunda zonse padenga paja zinauluka."

Amayi anapukuta kapu imene inali youma kale. Cha m'ma leveni a Dalaivala anali kutsogolo kwa tchalitchi ndi banja lawo, akuwapempherera za ulendo. Mpingo wonse unawaona. Koma pa benchi ya Amayi panali malo opanda munthu, chifukwa mapemphero aja atangoyamba amuna awo anawanong'oneza kuti m'mimba mwawavuta, natuluka. Anabwerera nyimbo yomaliza ili pakati, maso ali ofiira. Ndipo m'zaka makumi atatu za ukwati Amayi ankadziwa munthu mmodzi yekha amene kumina kwake kumaulutsa nkhunda.

"Mwaona chiyani, amayi? Nkhope yasintha."

"Dzuwa," anatero Amayi. "Zikomo, mnzanga."

Analowanso m'galaja nayenda m'mbali mwa mpanda ngati akuongola miyendo. Pangodya yakumapeto panali lole yakufa imene ankaitcha Kapendeke, poti kwa zaka khumi inakhala yotsamira kumanzere, kumene tayala lake lakumbuyo linaphwa n'kuola. Lero Kapendeke anaima chilili ngati msilikali pa perete.

Amayi anadzipanikiza pakati pa loleyo ndi mpanda, udzu ukuwakanda m'miyendo. Tayala lakumbuyo linali lopakidwa matope kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anakanda ndi chikhadabo. Pansi pa matopewo panatuluka mphira wakuda, wathanzi.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amayi anatsamira mpanda, natseka maso. Kutali, belu la pasukulu linalira hafu leveni.

* * *

"Bambo, tabwerani mundithandize kufuna ulusi wa tenti m'sitolomu."

A Makaniko anadzuka ngati munthu wodwala msana, nawatsatira. M'sitolomo munkanunkha girisi ndi mphira. Amayi anatseka chitseko, nakhala pa bokosi la mabawuti. Anangochotsa kaudzu kamene kanakola pa siketi yawo, nakaika pa thebulo pakati pawo.

A Makaniko anakayang'ana kaudzuko.

"Kapendeke waongoka," anatero Amayi. "Ndati ndikuuzeni, poti ndi chozizwitsa."

"Mayi..."

"M'mimba muli bwanji lero?"

A Makaniko anakhala pansi penipeni, pa simenti. "Ndimangofuna sabata imodzi," anatero. "Imodzi yokha. Ndimati tifunefune, Loweruka ndilipeze, tiseke. Mwana uja ndinamulera ndine, mayi. Makolo atatisiya anali wosadziwa kumanga zingwe za nsapato. Sipanala yoyamba ndinamugwiritsa ndine. Zaka zonsezi sindinadyepo chamasana iye palibe. Dzulo atamuimika kutsogolo kuja, ndinaona ngati akundichotsa nthiti. Ndinangopezeka ndili pano, jeke ili m'manja."

"Bwanji osangomuuza kuti mudzamusowa?"

"Ine? Kumuuza iye uja? Akanandiseka mpaka chaka chamawa."

"Ndiye mwasankha kuti akusekeni a Sajeni."

"Sindinadziwe kuti aitana apolisi! Ndafika m'mawa ndapeza waitana kale. Ndimati ndiyankhule, pakamwa pakana. Ndimati ndiyankhule, anthu achuluka. Munthu wa imvi ngati ine, mwini galaja, kuba tayala lake lomwe..."

Anatulutsa kansalu m'thumba, namina. Malata a sitolo ananjenjemera, ndipo kunja kunamveka mapiko a nkhunda.

Amayi anafuna kuseka, anafunanso kulira. Anadikira kuti zonse ziwiri zidutse.

"Sabata yanu imodzi," anatero pomaliza, "kwa bambo uja ikhala zaka. Woweruza akangomva kuti ndi kachiwiri, sadzafunsa za mazinga. Ine sindikanena, bambo. Pakamwa panga si pamene pakuyenera kutuluka mawu amenewa. Ndikakhala pabenchi pafupi ndi iye. Galimoto ikabwera, ndikwera nawo, ndikauze akazi ake kumene kuli kiyi."

Anatsekula chitseko natuluka, osacheuka.

* * *

Galimoto ya apolisi inafika kutatsala mphindi zisanu kuti twelofu koloko ikwane. Geti lalikulu linalira ngati nkhumba. A Sajeni anatsiriza tiyi wachitatu, naimirira, nagwira Nthethe pachigongono.

"Pepani, Amayi. Mwayesetsa."

Amayi anaimirira nawo. Anayang'ana ku sitolo. Chitseko chinali pululu, m'kati mopanda munthu. Ambuye, anatero mumtima, ine ndafika pamene ndimathera.

Onse atatu anayenda mapazi khumi kulowera ku geti. Kenaka kuchokera kungodya ya mpanda kunamveka kwiki, kwiki, kwiki.

"Ndani akugwira jeke yanga?" anafunsa a Dalaivala.

"A Sajeni," anatero Amayi, "tiyi wachinayi ndikulipirirani ndine."

Anadikira. Patapita kanthawi, pakati pa malole akufa panatulukira tayala lalikulu lamatope, likugubuduka pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwake kunali a Makaniko, matope mpaka m'nsidze, udzu uli m'tsitsi. Analigubuduza mpaka pamapazi a mng'ono wawo, naliimika.

"Achimwene! Mwalipeza! Linali kuti?"

"Linali pamene ndinaliika."

A Dalaivala anayang'ana tayala, nayang'ana mkulu wawo, nayang'ananso tayala.

"Inu?"

"Ine."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndiwe chitsiru chopita kumapiri," anatero a Makaniko. "Ukadya ndi ndani kumeneko? Adzakukumbutsa ndani kuthira madzi mu injini?"

A Dalaivala anagwira m'mimba, nakhala pa tayala lomwelo, nayamba kuseka mpaka misozi kuyenderera.

"Alamu, mwamva? Mbala ya imvi! Ndiye mukuganiza kuti mabuleki aja ndimawaoneranji kawiri pa sabata? Anali bwinobwino chiyambire mwezi watha! Ndimangofuna chifukwa chokhalira!"

"Ndiye bwanji umakuwa chonchija?" anafunsa a Makaniko.

"Kuchedwa kwanga ndi kwanga! Koma munthu wina kundibera?"

Anagwirana m'mapewa, matope n'kupakana, wina akutcha mnzake mbava, wina akuti chitsiru. Mayi wa tiyi anaomba m'manja pageti. A Sajeni anang'amba tsamba m'kabuku kawo, akugwedeza mutu.

"Tayala la eni ake, labedwa ndi eni ake, lapezedwa ndi eni ake, m'bwalo la eni ake. Ndikakalemba zimenezi akandiyeza mutu." Anatulutsa kakiyi namasula unyolo. "Bambo, ndinu mfulu. Sitepe ija mwaipanga bwino."

Aliyense ankaseka kupatula Nthethe. Iye anaima pambali akusisita m'mikono momwe munadutsa chitsulo, maso ali pa galimoto ya apolisi. Amayi anamuona. Anangoyang'ana amuna awo mpaka amuna awowo anamva maso aja pamsana.

A Makaniko anamusiya mng'ono wawo. Anapukuta manja pa ovolosi, manjawo n'kuderatu. Anavula chipewa, nayenda kukaima pamaso pa wantchito wawo.

"Bwana, zatha," anatero Nthethe mofulumira. "Musavutike."

"Ayi, sizinathe. Ndiyankhula mokweza kuti amve ndi a pamsewu omwe, chifukwa anakuona uli mu unyolo." A Makaniko anakweza mawu, ndipo anamveka mpaka kuseri kwa mpanda. "Munthu uyu sanabe kanthu. Wakuba ndine. Ndinakhala pachidebe paja maola anayi, ndikumuona atamangidwa chifukwa cha ine, ndili chete kuopa manyazi. Mng'ono wanga ndinamubera tayala, koma iwe ndinatsala pang'ono kukubera zaka. Ndalakwa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pako. Bambo, ndikhululukire."